Ndalama ndili nazo, koma Formula 1 akundikaniza kuonera: vuto lili pati?

Funso: Ndinayamba kutsatira mipikisano ya magalimoto ya Formula 1 ndili mnyamata, nthawi imene inkaonetsedwa pa wailesi ya kanema yaulere. Masiku ano kumene ndikukhala imaonetsedwa ndi kampani imodzi yokha, ndipo kuti ndionere ndiyenera kugula phukusi lonse la zamasewera, chonsecho mpira ndi zina zonsezo sindizifuna. Ndinayesa kulembetsa F1 TV, imene eni Formula 1 amaonetserapo mipikisano pa intaneti, koma anandiyankha kuti m'dziko limene ndili sangandionetse mpikisano pompopompo. Kodi eni masewerawa safuna owonera ambiri? Kodi lamulo limalola kuti kampani imodzi itseke masewera chonchi? Nanga zinthu zidzabwerera mwakale?

Yankho: Bambo, owonera ambiri amawafuna ndithu. Kungoti pali china chimene amachifuna kwambiri, ndipo chinthucho chimagulidwa pa mtengo wabwino pokhapokha anthu ngati inu akatsekeredwa kunja.

Kampani ya kanema ikamapereka ndalama kwa eni Formula 1, zithunzi ndi gawo laling'ono chabe la zimene ikugula. Zithunzizo n'zofanana dziko lonse lapansi. Makamera a m'mbali mwa msewu, a pa magalimoto ndi a mu helikopita onse ndi a Formula One Management, kampani ya eni masewerawa, ndipo zonse zimasanjidwa ku malo awo a ku Biggin Hill, ku England, kenako n'kutumizidwa kwa aliyense amene walipira. Ngakhale mpikisano wa ku Monaco, umene kwa zaka zambiri unkajambulidwa ndi wailesi ya konko, unalowa m'manja mwawo mu 2023. Wailesi imene mumaonerayo imangowonjezera mawu a olongosola ndi anthu ake oyendayenda ndi maikolofoni. Chokweza mtengo ndi lonjezo lakuti m'dziko limenelo palibe wina adzapatsidwe. Uthenga umene F1 TV inakupatsani ndi lonjezo lomwelo likugwira ntchito.

Masamu ake ndi awa. Wailesi yaulere imapeza ndalama potsatsa malonda, kapena kuchokera ku msonkho wa kanema monga BBC. Munthu mmodzi akaonera mpikisano wa maola awiri, phindu limene wailesiyo yapeza pa iye ndi lochepa zedi. Wailesi yolipiritsa ikakola munthu mmodzi chifukwa cha Formula 1, imamudya mwezi ndi mwezi, ndipo nthawi zambiri imamugulitsanso intaneti ya m'nyumba, mafilimu ndi mpira umene inu mukuti simuufuna. Phukusilo sanalimange mosaganiza. Akudziwa kuti wokonda magalimoto alipirira mpira, wokonda mpira alipirira magalimoto, ndipo onse awiri avutika kuchoka. N'chifukwa chake pa kupikisana mitengo, wailesi yolipiritsa yokhala ndi owonera ochepa imagonjetsa wailesi yaulere yokhala ndi owonera ochuluka.

Palinso vuto lina limene mipikisano ya magalimoto ili nalo pa wailesi yaulere. Mpira uli ndi nthawi yopuma, ndipo malonda amalowa pamenepo popanda wodandaula. Magalimoto akanyamuka saima mpaka mbendera yomaliza. Wailesi yodalira malonda iyenera kudula mpikisano uli mkati, ndipo tsiku lina imadula pa malo olakwika. Mu 2005 ku Imola, Fernando Alonso akutchinga Michael Schumacher kumapeto kwenikweni kwa mpikisano, ITV ya ku Britain inapita kukaonetsa malonda. Anthu anakwiya kwambiri, ndipo mpaka lero nkhaniyi imatchulidwa. Anthu akamakumbuka masiku a kanema waulere, mbali imeneyi amaiiwala.

Komabe masewerawa anakula chifukwa cha kanema waulere, ndipo amene anaona zimenezi poyamba ndi Bernie Ecclestone. Iye anali mwini timu ya Brabham, ndipo mu 1978 anakhala mkulu wa FOCA, bungwe la matimu. Pa nthawiyo mwini bwalo aliyense ankakambirana yekha ndi mawailesi, moti mpikisano wina unkaonetsedwa, wina ayi, wina theka. FOCA inalimbana kwa zaka zingapo ndi bungwe loyendetsa masewerawa, limene linkatsogoleredwa ndi Jean-Marie Balestre, mpaka mu 1981 pamene anasainirana mgwirizano wotchedwa Concorde. Mgwirizanowo unapatsa matimu mphamvu zogulitsa zilolezo za kanema. Ecclestone anamanga mipikisano yonse pamodzi n'kuuza mawailesi a ku Ulaya kuti amene akufuna umodzi atenge yonse ya chaka chathunthu. Sankawalipiritsa ndalama zoopsa. Ankafuna kuti Lamlungu lililonse la mpikisano magalimoto azioneka m'nyumba za anthu, chifukwa ndalama zenizeni zinkachokera kwa makampani olemba mayina awo pa magalimoto, makamaka a fodya, ndipo amenewo ankalipirira maso a anthu.

Iye yemweyo anayesa kulipiritsa anthu kalekale, ndipo zimene zinachitika zikuyankha funso lanu kuposa china chilichonse. Mu 1996 anayambitsa F1 Digital+, imene inali ndi makamera ambiri, zithunzi zochokera pa magalimoto osiyanasiyana, ndiponso yopanda malonda. Inali yapamwamba kwambiri pa nthawi yake. Inatsekedwa kumapeto kwa 2002 chifukwa olipira anali ochepa. Anthu analibe chifukwa cholipirira pomwe mpikisano womwewo unkaoneka ulere pa wailesi ina. Makampani onse a kanema anatolapo phunziro limodzi: chinthu chimene mnzako akugawa ulere sungachigulitse, ngakhale chako chikhale chokongola motani.

Kenako zinthu zitatu zinasintha motsatizana. Choyamba ndi umwini. Bungwe la European Commission litafufuza, FIA, bungwe loyendetsa mipikisano ya magalimoto pa dziko lonse, inavomera mu 2001 kuti izingoyang'anira malamulo a masewerawa, ndipo inapereka mbali ya malonda ku kampani ya Ecclestone kwa zaka 100, mpaka 2110, pa mtengo wopitirira pang'ono madola 300 miliyoni. Mukayerekeza ndi ndalama zimene masewerawa amapanga pa chaka chimodzi chokha masiku ano, mtengowo ndi wodabwitsa. Mu 2006 kampaniyo inagulidwa ndi CVC Capital Partners, amene ntchito yawo ndi kugula makampani, kukamamo phindu, n'kuwagulitsanso. Chachiwiri, maiko a European Union analetsa makampani a fodya kuthandiza masewera kuyambira mu 2005, ndipo gwero lalikulu la ndalama za matimu linayamba kuuma. Chachitatu ndi mavuto azachuma a mu 2008: Honda inachoka kumapeto kwa chaka chimenecho, BMW ndi Toyota zinatsatira mu 2009. Eni atsopano ankafuna ndalama zooneka, ndipo mawailesi olipiritsa anali nazo m'manja. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo mwana wa zaka khumi amene mwina adzakhala wotsatira masewerawa akadzakula sanali pamphuno pa aliyense. Ecclestone sanabise n'komwe. Mu 2014 anauza magazini ina kuti iye amasamala za munthu wachikulire wokhala ndi ndalama, osati achinyamata amene sangagule wotchi ya Rolex.

Ku Britain, kumene matimu ambiri ali ndi malikulu awo, chitseko chinatsekedwa pang'onopang'ono. BBC inkaonetsa mpaka 1996, ITV kuyambira 1997 mpaka 2008, kenako BBC inabwereranso mu 2009. Tsiku limene Lewis Hamilton anatenga ukatswiri wake woyamba ku Brazil mu 2008, atadutsa Timo Glock pa kona yomaliza, anthu oposa 12 miliyoni a m'dzikolo anali pa kanema nthawi imodzi. Mu July 2011 kunalengezedwa kuti kuyambira 2012 Sky, wailesi yolipiritsa, izionetsa mipikisano yonse pompopompo, BBC theka lokha. BBC inasiyiratu kumapeto kwa 2015 chifukwa chochepetsa ndalama zogwiritsa ntchito, Channel 4 n'kutenga malo ake. Kuyambira 2019, Sky inatsala yokha, kupatula mpikisano wa m'dzikolo, wa ku Silverstone, umene Channel 4 imaonetsa pompopompo, pamodzi ndi zidule za mipikisano ina zimene zimabwera patapita maola. Mu 2022 mgwirizanowo unatalikitsidwa mpaka 2029.

Maiko ena anadutsa njira yomweyo. Ku France, wailesi yaulere ya TF1 inalandidwa chilolezo ndi Canal+ mu 2013. Ku Italy chaka chomwecho Sky inalowa, RAI n'kutsala ndi mipikisano yowerengeka. Ku Spain, kumene Alonso anakopa dziko lonse pa mawailesi aulere, Movistar inatseka chitseko mu 2016. Ku Germany, RTL inaonetsa ulere kuyambira 1991 mpaka 2020, zaka zonse za ukatswiri wa Schumacher ndi Sebastian Vettel, kenako Sky n'kutenga mu 2021. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, SuperSport ndi Canal+ ndiwo akhala akugwira zilolezo.

Zotsatira zake zinaoneka m'malipoti a eni masewera omwewo. Mu 2008 ankanena kuti anthu pafupifupi 600 miliyoni anaonerako Formula 1 chaka chimenecho. Pofika 2014 chiwerengerocho chinali 425 miliyoni. Ku France kokha, chaka choyamba cha Canal+, owonera anatsika kuchoka pa 27 miliyoni kufika cha m'ma 10 miliyoni. Kutsika konseku sikunabwere chifukwa cha kulipiritsa kokha. Ku China mipikisano inachoka pa wailesi ya dziko lonse kupita ku mawailesi a m'zigawo, ndipo zaka zina timu imodzi inkapambana mpaka anthu kutopa. Koma njira yake ndi yoonekeratu. Amene amatayika si munthu ngati inu. Inu mudzafufuza, mudzadandaula, mwina mapeto ake mudzalipira. Amatayika ndi amene akanangopeza mpikisano mwangozi posintha matchanelo Lamlungu masana, komanso mwana amene akanakhala pansi pafupi ndi bambo ake. Anthu amenewa salemba makalata odandaula, chifukwa sadziwa kuti pali chimene aphonya.

Ndiyenera kuwachitira chilungamo eni masewerawa, chifukwa ndalamazo sizingolowa m'matumba mwawo mokha. Liberty Media ya ku America inagula Formula 1 mu January 2017. Mu 2023 masewerawa anapanga madola pafupifupi 3.2 biliyoni, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu linachokera ku zilolezo za kanema, lomwe ndi gwero lalikulu kuposa ndalama zolipira eni mabwalo kapena za makampani othandiza. Matimu khumi anagawana madola oposa 1.2 biliyoni. Amene akukumbuka timu ya HRT ikutha mu 2012, Caterham mu 2014, Manor kumayambiriro kwa 2017, ndi Force India ikugwa m'ngongole mu 2018, amadziwa kuti timu yaing'ono yopanda ndalama imatha mwadzidzidzi, antchito mazanamazana n'kukhala pa ulova. Ubwino wa zimene amaonetsa nawonso unakwera: mumaona zoyeserera zonse, mpikisano wosankha malo oyambira, mafunso kwa madalaivala, popanda kudula.

Ngakhale zili choncho, sindigwirizana ndi amene amati kanema wolipiritsa ndiye anapulumutsa matimu. Matimu anayi ndatchulawa anagwa ndalama za mawailesi olipiritsa zitayamba kale kulowa. Chimene chinasintha zinthu ndi malire a ndalama zimene timu ingagwiritse ntchito pa chaka, amene anayamba mu 2021 pa madola 145 miliyoni, pamodzi ndi kagawidwe katsopano kochepetsa kusiyana pakati pa matimu aakulu ndi aang'ono. Zimenezi zisanachitike, ndalama iliyonse yowonjezera inkangothera pa kupikisana kupanga mapiko atsopano a galimoto.

Tibwere ku F1 TV, pamene ndikuona kuti dandaulo lanu lili ndi mphamvu zambiri. Liberty inaiyambitsa mu May 2018, pa mpikisano wa ku Spain, ndipo masiku oyambirira inkadukaduka moti anthu ena anabwezeredwa ndalama. Panopa ndi yabwino: mumasankha nokha kamera ya dalaivala amene mukufuna, mumamva akulankhula ndi timu yake, mumaona nthawi za galimoto iliyonse. Ndi chinthu chenicheni chimene munthu wofuna magalimoto okha, osati mpira, akanagula. Koma imaonetsa pompopompo m'maiko okhawo amene mgwirizano ndi wailesi ya m'dzikolo ukulola. Ku Britain ndi ku Italy salola. Ku Germany inalipo, koma Sky itatenga chilolezo cha iyo yokha mu 2021, olembetsa atsopano anatsekeredwa. Makina awo amaona kumene intaneti yanu ikuchokera ndi dziko la khadi lanu la ku banki, n'kukukanani.

Apa munthu sakupempha zaulere. Wabwera ndi ndalama kwa mwini katundu, mwini katunduyo n'kumubweza chifukwa analonjeza wina kuti sagulitsa. Kumbali ya malonda n'zomveka: wailesi imene yalipira ndalama zambiri singalole kuti mwini masewera azigulitsa chinthu chomwecho motchipa pakhomo pake. NBC ya ku America inanena poyera mu 2017 kuti ikusiya Formula 1 chifukwa sinkafuna kupikisana ndi mwini masewera yemweyo. Koma kumbali ya masewera, ndikuona kuti apa ndi pamene anapitirira muyeso, ndipo umboni wake uli ku America komweko.

NBC itachoka, ESPN inatenga mipikisano mu 2018 osalipira ndalama ya chilolezo, ndipo F1 TV inaloledwa kugulitsidwa pambali pake. Mipikisano ina inkaonetsedwa pa ABC, wailesi yaulere. Mu 2019 Netflix inayamba kuonetsa pulogalamu ya Drive to Survive, imene inadziwitsa madalaivala kwa anthu amene sankadziwa n'komwe kusiyana kwa Ferrari ndi McLaren. Liberty inamasulanso matimu ndi madalaivala kuti aziika makanema pa YouTube, Instagram ndi kwina, zomwe m'nthawi ya Ecclestone zinali zoletsedwa kwambiri. Owonera mpikisano uliwonse ku America anakwera kuchoka cha m'ma 550,000 mu 2018 kufika pafupifupi 1.2 miliyoni mu 2022. Zitseko zitatsegulidwa, anthu analowa. Ndiye taonani chimene chinatsatira. Mu October 2025 kunalengezedwa kuti Apple yatenga chilolezo cha iyo yokha kwa zaka zisanu kuyambira 2026, pa mtengo umene manyuzipepala anati ndi madola pafupifupi 140 miliyoni pa chaka, ndipo F1 TV ya kumeneko yalowetsedwa mu Apple TV. Eni masewera amadziwa bwino lomwe kuti kutsegula kumachulukitsa otsatira. Amatsegula kumene msika ukadali waung'ono, ndipo amatseka kumene wakhwima. Ngati kwanu anatseka, ndiye kuti anaona kuti otsatira a kumeneko ndi okwanira kulipira.

Za lamulo, yankho ndi lakuti inde, limalola. Kugulitsa chilolezo kwa kampani imodzi si mlandu. Mabungwe oona za mpikisano pa malonda amalowererapo pokhapokha mgwirizano ukatalika mopitirira kapena ukamapha ena. Pa kafukufuku amene anatha mu 2001 uja, mwachitsanzo, European Commission inachotsetsa mfundo imene inkatsitsira mtengo mawailesi olonjeza kuti saonetsa mipikisano ina yopikisana ndi Formula 1. Koma sinanene kuti masewerawa akhale aulere.

Chitetezo chimene chilipo ndi mndandanda wa zochitika zimene boma limati n'zofunika ku dziko lonse, moti ziyenera kupezeka pa wailesi yaulere. Maiko a European Union analoledwa kupanga mindandanda yotere kuyambira 1997. Italy inaikapo mpikisano wake wa Formula 1, n'chifukwa chake wa ku Monza umaoneka ulere. Australia ili ndi mndandanda wake kuyambira 1994, ndipo pali mpikisano wa Formula 1 wa m'dzikolo, wa njinga zamoto, ndi Bathurst 1000. Ku Britain lamulo la 1996 limateteza masewera a Olympics, World Cup ya mpira, fainolo ya FA Cup, mafainolo a Wimbledon ndi zina, koma mpikisano wa ku Silverstone palibepo. Umaoneka ulere chifukwa cha mgwirizano wa malonda, osati chifukwa cha lamulo. Ndipo ngakhale kumene lamulo lilipo, limateteza mpikisano wa m'dzikolo wokha. Pa chaka cha mipikisano 24, ngati 2024 ndi 2025, ndiye kuti 23 ili kunja kwa chitetezo. Dziko lopanda mpikisano wake lilibe choika pa mndandanda.

Mwina anzanu akuuzani kale za VPN, pulogalamu imene imachititsa kuti muoneke ngati muli m'dziko lina. Malamulo a maiko amasiyana pa za pulogalamuyo, koma kuigwiritsa ntchito polambalala malire a F1 TV n'kuphwanya mfundo zimene mumavomera polembetsa. Akhoza kukutsekerani akaunti ndalama zanu zitapita kale, ndipo amakonda kutseka njira zoterezi Lamlungu la mpikisano lomwelo. Masamba a pa intaneti oonetsa mozembera ndi nkhani ina: ndi kuba katundu wa eni ake, m'maiko ambiri ndi mlandu, chithunzi chimachedwa kapena kuzima pa nthawi yofunika, ndipo ambiri mwa masambawo amakhala ndi mapulogalamu obera zinsinsi za m'foni ndi pa kompyuta. Sindingakulangizeni. Ndingowonjeza kuti makampani akamalira za kuba kumeneku, aziyang'ananso anthu angati anayamba ayesa kulipira n'kukanidwa.

Vutoli si la Formula 1 yokha. MotoGP, mpikisano wa njinga zamoto, unachoka pa BBC kupita ku BT Sport mu 2014, ndipo ku Spain, kwawo kwa Marc Márquez, uli pa DAZN kuyambira 2019. Chochititsa chidwi n'chakuti mu 2006 CVC inakakamizidwa kugulitsa Dorna, kampani yoyendetsa MotoGP, isanaloledwe kugula Formula 1, poopa kuti mwini mmodzi akagwira zonse ziwiri akweza mitengo kwa mawailesi. Mu 2025 Liberty inaloledwa kugula Dorna yomweyo. NASCAR, mpikisano wa magalimoto wa ku America, ili ndi matenda ena: mgwirizano wa 2025 mpaka 2031, wa madola 7.7 biliyoni, unagawa mipikisano pakati pa Fox, NBC, Amazon Prime Video ndi TNT. Palibe kampani imodzi imene yatseka zonse, koma wofuna kuonera chaka chonse ayenera kulipira malo angapo, ndipo kwa wotsatira wamba kumeneku n'kutsekeredwa komwe, kungoti zitseko zachuluka.

IndyCar, mpikisano winanso wa magalimoto wa ku America, inasankha njira ina. Mu 2025 inaika mipikisano yake yonse pa Fox, imene ku America imagwidwa ulere. Inachita zimenezi chifukwa ikufuna kukula, ndipo makampani othandiza matimu ake amafuna maso a anthu, monga zinalili ndi Formula 1 m'ma 1980. Chodabwitsa n'chakuti mpikisano wake waukulu, Indianapolis 500, uli ndi mwambo wakale wotsekera anthu a mumzinda wa Indianapolis weniweniwo kuti asauonere pompopompo, n'cholinga choti agule matikiti. Amatsegula zaka zowerengeka, monga 2016 ndi 2025 pamene mipando inagulidwa yonse.

Kodi zidzabwerera mwakale? Kubwerera kwathunthu, m'maiko amene anatseka kale, sindikukuyembekezera. Ndalamazo zinalowa m'mapulani a matimu ndi mu mtengo wa kampani, ndipo mawailesi aulere akusauka chifukwa malonda ambiri anasamukira pa intaneti. Kumene Formula 1 ikadali yaulere pali zifukwa zapadera. Ku Brazil inachoka ku Globo kupita ku Band mu 2021, ndipo Globo inaitenganso kuyambira 2026, chifukwa kumeneko wailesi yaulere ikadali yamphamvu kwambiri. Ku Austria mipikisano imagawidwa pakati pa ORF ndi ServusTV, ndipo ServusTV ndi ya Red Bull, imene ili ndi matimu awiri komanso bwalo la ku Spielberg. Kwa Red Bull, munthu aliyense woonera ndi wogula chakumwa chawo.

Chimene chimachitika kawirikawiri ndi kutsegula pang'ono pa tsiku lalikulu. Mu December 2021, Hamilton ndi Max Verstappen atafika ku Abu Dhabi ali ndi mapointi ofanana, Sky inalola Channel 4 kuonetsa mpikisano womalizawo pompopompo, ndipo anthu oposa 7 miliyoni a ku Britain anaonera nthawi imodzi. RTL ya ku Germany nayo inagwirizana ndi Sky kuti izionetsa mipikisano ingapo pa chaka. Izi si chifundo. Wailesi yolipiritsa imadziwa kuti ikapanda kulawitsa anthu atsopano, olipira ake adzakalamba n'kutha. Kwa ine njira yoyenera ikanakhala yotere mokhazikika: mipikisano inayi kapena isanu pa wailesi yaulere chaka chilichonse, yolengezedwa chaka chisanayambe, chidule cha mpikisano chizioneka tsiku lomwelo nthawi yoti ana akadali maso, ndipo F1 TV izigulitsidwa paliponse ngakhale pa mtengo wokwererapo, wailesi ya m'dzikolo n'kumalandirapo gawo lake. Ku Netherlands F1 TV inapitiriza kugulitsidwa pambali pa Viaplay, kampani yolipiritsa imene inatenga chilolezo kuyambira 2022, pa nthawi imene dziko lonse linali pambuyo pa Verstappen, kusonyeza kuti mgwirizano wotere ndi wotheka.

Pakadali pano, musanagule phukusi la chaka chonse, funsani kampaniyo ngati ili ndi njira yolipira mwezi umodzi kapena tsiku limodzi kudzera pa intaneti, chifukwa makampani ambiri ali nazo koma sazilengeza kwambiri. Mipikisano imayamba mu March n'kutha mu December, ndipo mu August mumakhala tchuthi cha masabata angapo, choncho palibe chifukwa cholipirira miyezi yonse 12. Tsamba la Formula 1 pa YouTube limaika chidule cha mpikisano uliwonse ulere patangopita maola ochepa. Mawailesi ena a mawu okha, monga BBC Radio 5 Live kwa amene ali ku Britain, amalongosola mipikisano pompopompo, ndipo mukaphatikiza ndi nthawi za magalimoto zimene pulogalamu ya Formula 1 ya pa foni imaonetsa, mumatsatira bwino kuposa mmene mungaganizire. Ngati chimene mumakonda ndi mpikisano weniweniwo, osati dzina la Formula 1, mipikisano ya GT World Challenge, European Le Mans Series ndi wa maola 24 wa ku Nürburgring imaonetsedwa pompopompo pa YouTube ulere m'maiko ambiri, ndipo magalimoto amadutsana kwambiri kumeneko.

Ndipo fufuzani chaka chimene mgwirizano wa kwanu ukutha. Mfundo yotsekera F1 TV imalembedwa kapena kuchotsedwa pa nthawi yokambirana mgwirizano watsopano, kawirikawiri chaka chimodzi kapena ziwiri wakale usanathe. Dandaulo lopita kwa eni Formula 1 kapena ku bungwe loyang'anira mawailesi m'dziko lanu lingamveke pa nthawi imeneyo. Akasainirana, mfundoyo imakhala momwemo mpaka mgwirizanowo utatha.